Zipewa pa Khonde la a Lumo

Katauni kano kanayambira kumunsi, m'mphepete mwa mtsinje, pamene panali mlatho wamatabwa. Mlathowo unkalola galimoto imodzi yokha pa nthawi, choncho zinazo zinkaima n'kumadikira, ndipo anthu ake ankatsika kukawongola miyendo. Kudikira kumeneko n'kumene kunabala masitolo, positi ofesi ndi kachipatala ka zipinda ziwiri.

M'chaka cha 1968, bambo wina wamtali, wosalankhulalankhula, anachita lendi kachipinda ka pakati pa telala ndi positi ofesi. Anaikamo mpando, galasi, beseni ndi lamba wonolera lumo, ndipo pakhonde anakhomapo benchi. Pasanathe chaka anthu anali atayamba kuwatchula kuti a Lumo, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka kumanda.

Ankameta ndi sizasi, chipeso ndi lumo basi. Munthu sankamufunsa kametedwe kamene akufuna. Ankangomugwira chibwano, kumupendeketsa uku ndi uku, n'kuyambapo. Benchi lija linakula mbiri kuposa mpando. Nkhani iliyonse ya m'tauni, ya ukwati kapena ya malire a munda, sinkayesedwa yoona isanadutse pabenchipo.

Mu 1979 mkazi wawo anabweretsa mlongo wawo, amene ntchito inali itawathera kwina. A Lumo anawaphunzitsa alamu awowo kumeta kwa zaka zinayi, kenako anawapatsa mpando wachiwiri.

Mu Febuluwale 1986 mtsinje unasefukira n'kukokolola mlatho. Watsopano, wa simenti, unamangidwa kumtunda kumene magombe ake ndi a miyala, ndipo msewu wa phula unatsegulidwa mu 1988. Msika unasamukira komweko, depoti ya mabasi inatsatira, positi ofesi nayo inapita mu 1990. Magetsi atafika mu 1993, mapolo ake anangotsata msewu watsopanowo. Chaka chomwecho alamu aja anapeza chipinda kumtunda, nagula makina ometera, nabwera kudzatsazika mwaulemu.

“Alamu, tiyeni tikwerere limodzi. Malo alipo a mipando iwiri.”

“Makina amametera nkhosa,” anatero a Lumo, maso ali pa lamba. “Pitani mukamete nkhosa zanuzo.”

Kuyambira tsiku limenelo a Lumo sanakwerenso chitunda. Koma maso awo ankakwera. Munthu akamadutsa pamsewu, iwo sankamuyang'ana kumaso, ankamuyang'ana kunkhongo, pamene makina amasiya mzere wowongoka ngati wojambula ndi rula. Akauona mzerewo pamutu umene anaumetapo, moni wa munthuyo ankauyankha ndi mphuno.

Achinyamata ndiwo anayamba kuthawa, kenako aphunzitsi, kenako ana amene amayi awo ankawakokera kumtunda popita kumsika. A Lumo ankati alibe nazo ntchito. Komatu basi ikaima kumtunda, ankatuluka pakhonde n'kumasuzumira kuti otsikawo alowa khomo liti.

Pofika 2000 pabenchi panatsala amuna atatu: a Positi, amene anapuma ntchito ofesi yawo itasamuka, a Telala, oyandikana nawo khomo, ndi a Kondakitala, amene dazi linali litawadya mutu wonse kupatula kamzere ka kumbuyo. Atatuwa a Lumo ankawatcha “mitu yanga.” Wina akajomba tsiku limodzi, ankafunsidwa kumene anali, njira imene anadzera, ndi amene anakumana naye.

“Ine zaka zonsezi simunandichitirepo nsanje yotere,” ankatero mkazi wawo. “Koma dazi la a Kondakitala!”

“Iwe sungapite kumtunda kukametedwa,” ankayankha iwo.

Mu 2001 manja awo anayamba kunjenjemera. Iwo eni ake ankati ndi lumo limene lapepuka. Mu Juni chaka chimenecho anawatema a Telala khutu, magazi n'kuyenderera mpaka m'kolala. A Telala anaseka, nati khutulo linali lalikulu kale. Koma patapita milungu ingapo anabwera atavala chipewa, akudandaula chimfine. A Positi anatsatira, akuti dzuwa likuwapweteka maso. A Kondakitala sanapereke chifukwa chilichonse. Anangotulukira ndi chipewa chaubweya chofika m'makutu.

“Kodi mitu yanga sikumeranso tsitsi?” anafunsa a Lumo tsiku lina, akunola lumo limene linali lakuthwa kale.

“Ukalamba, achimwene,” anatero a Positi. “Nalonso tsitsi limapuma pa ntchito.”

Nyengo yozizira inatha, kunabwera kutentha koti ngakhale agalu ankasowa pogona, koma zipewa sizinachoke. Thukuta linkatsika m'masaya mwa a Kondakitala, iwo osalabadira, akukamba za mitengo ya feteleza.

Zinaululika mu Okutobala, Lachinayi lina masana. Manda a tauni ali kumunsi mpaka lero, ndipo galimoto yonyamula maliro inatsika chitunda pang'onopang'ono n'kudutsa pakhonde paja. Amuna atatuwo anachita chimene anazolowera kuyambira ubwana wawo: anaimirira, navula zipewa, naweramitsa mitu. A Lumo anali ataima pakhomo, kumbuyo kwawo. Anaona nkhongo zitatu zitandandalika, iliyonse ili ndi mzere wake wowongoka.

Anadikira mpaka womaliza wa operekeza maliro atadutsa, pakuti anali munthu wa ulemu.

“A Positi, ine ndinakumetani tsiku la ukwati wanu.”

“Achimwene, tamverani kaye...”

“Ndipo inu a Kondakitala, tsitsi lanu lonse silingadzaze supuni. Mpaka kukwera nalo chitunda? Anakumetani ndi makina kapena anangopemerera?”

“Ife timaopa makutu athu, akulu,” anatero a Telala motsitsa mawu. “Koma kucheza timachezabe pano. Simukuona?”

“Kachezeni kumene mumasiya tsitsi.”

Anazula benchi ndi manja awo onjenjemerawo, nalilowetsa m'nyumba. Masiku otsatira khonde linali mbee. A Lumo ankakhala pa mpando wometera, chitseko chili chotsegula theka, ndipo anamva kwa wogulitsa makala kuti atatu aja tsopano akukhala pakhonde la alamu awo, pa mipando yapulasitiki, wailesi ikulira. Anafunsa ngati amaseka kumeneko. Atamva kuti amaseka, chakudya cha tsikulo sanachikhudze.

Mkazi wawo anapirira sabata ziwiri. Kenako m'mawa wina anatenga dengu ngati akupita kumsika, nakalowa kwa mlongo wawo, natseka chitseko. Zimene anakambirana sanazinene kwa wina aliyense mpaka a Lumo atamwalira.

Loweruka lotsatira a Positi anatsika chitunda, chipewa chili kumanja, nkhope ili yakugwa.

“Achimwene, taonani zimene andichita alamu anu.”

A Lumo anafuna kuwabweza, koma maso anawatsogolera. Kuseri kwa khutu lamanzere kunali katsitsi kosiyidwa, koimirira ngati udzu wa pa chulu. Anawagwira chibwano, nawapendeketsa, nayang'anitsitsa nthawi yaitali.

“Zaka zinayi ndinamuphunzitsa munthu ameneyu,” anatero mwachimwemwe. “Zaka zinayi! Khalani apa.”

Lumo silinafunike. Sizasi inalira kawiri, katsitsi kanagwa, ndipo a Lumo anawakuntha m'mapewa ndi thaulo ngati awameta mutu wonse. Madzulo a tsiku lomwelo benchi linatuluka. A Telala anabwera ndi katsitsi kawo Lolemba. A Kondakitala anachedwerapo, chifukwa pamutu pawo panavuta kupeza chosiya.

Zinayenda chotero kuyambira Novembala 2001 mpaka Epulo 2009. Aliyense wodutsa pakhondepo, ngakhale mlendo wofunsa njira, ankauzidwa kuti kumtunda kuli wometa wa magetsi amene sadziwa kuseri kwa khutu. Mbiriyo inafika ndithu kumtunda, ndipo makasitomala ena anayamba kudzigwiragwira m'makutu asanadzuke pampando. Alamuwo sanadziteteze ngakhale kamodzi.

Nsanje ya a Lumo sinathe. Ankafunsabe kuti kumtunda kwalowa anthu angati, ndipo atamva kuti alamu awo agula galasi lalikulu la khoma lonse, anadwala mutu masiku angapo. Mkazi wawo amakumbukira kuti chaka chomaliza, a Lumo akupukuta sizasi, anayamba kulankhula okha.

“Khutu lamanzere lokhalokha. Ngakhale kulakwitsa amalakwitsa mwaulesi.”

Kenako anawonjezera kuti wina akamuuze mlamu wawoyo asadzayerekeze kuwongolera.

Kachipinda kaja tsopano amasungiramo matumba a simenti. Benchi analipempha ndi alamu aja pambuyo pa maliro, koma mlongo wawo anakana, nati mwini wake sangagone bwino akamva kuti nalonso lakwera chitunda.