Chaka Chimene Ndinabisa Mapepala a Amayi

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi katoni ya sopo yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Munali mapepala a amayi. Ankanunkha fumbi ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo ine sindinkaloledwa kuwakhudza.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anagwira ntchito ya unamwino ku Chipata zaka zambiri. Bambo atamwalira, anapita ku Lusaka kukaphunzira udokotala, ine n'kundisiya kwa amalume ku Chipangali. Chaka chawo chomaliza anabwera kudzakhala nafe nyengo yokumba nshawa, mtedza uja. Ine ndinkati abwerera ine, koma anabwera ndi katoni ija. Kuti apatsidwe digiri ankayenera kulemba buku la kafukufuku, ndipo wawo unali wa khansa ya khomo la chiberekero. Anali atayenda m'midzi kufunsa azimayi chimene chimawachedwetsa kukapimitsa. Pepala lililonse m'katonimo linali mayankho a mzimayi mmodzi.

Anthu akapita kumunda, amayi ankakhala pakhonde, kompyuta yakale ili pamiyendo, waya wake atalumikizidwa ku batire la sola la amalume. Ndikabwera kusukulu ndinkawapeza pomwepo, phala litazizira m'kapu, ntchentche zikuzungulira. Ndikayamba kufotokoza za kusukulu ankati, "Dikira pang'ono mwanawe, nditsirize ndimeyi." Ndimeyo sinkatha. Anali ataonda, ndipo podzuka ankagwira m'chiuno n'kuluma mlomo. Amalume ankati, "Mlongo, tapumulaniko." Koma zala zawo zinkangogogodabe pakompyutapo.

Tsiku lina aphunzitsi anandisankha kuti ndikalakatule ndakatulo pa tsiku la makolo. Amayi analonjeza kuti abwera. M'mawa wa tsikulo anawaimbira foni owayang'anira a ku Lusaka kuti mutu wina wa bukulo aulembenso. Ndinalakatula maso ali kumsewu mpaka mawu omaliza. Sanabwere.

Mawa lake, iwo ali kubafa, ndinasolola mtolo waukulu wa mapepala m'katoni muja n'kukaukwirira pansi pa nshawa m'nkhokwe. Lero ndimadziuza kuti ndinali mwana, koma ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikuwabaya pamene pangawawe.

Anafufuza masiku awiri. Anatulutsa mphasa ndi zovala zonse panja. Amalume ankaganizira mbuzi. Ndinawaona amayi atagwada kudzala, akufukula phulusa ndi makoko a nshawa ndi manja, mpango utagwa, osautola n'komwe. Tsiku lachitatu sanafufuzenso. Anangokhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, akuyang'ana dothi. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kunandiopsa. Ndinakwera m'nkhokwe n'kubweretsa mtolo uja. Makoswe anali atadya kale mapepala apamwamba.

Ndinaima ndikudikira mbama. Iwo anawongola mapepalawo pabondo, limodzilimodzi, akuuzira zinyenyeswa. Kenako anati, "Mwanawe, ine ndilibe masiku oti ndiyambirenso."

Madzulo amenewo sanakhudze kompyuta. Anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kundiluka tsitsi, pang'onopang'ono, akupumira pakati. Anandiuza kuti ndiwalakatulire ndakatulo ija, ndipo nditamaliza anati ndibwerezenso. Zala zawo zinali zozizira m'mutu mwanga ngakhale dzuwa linali lisanalowe.

Bukulo analimaliza m'nyengo yozizira. Tinapita tonse ku Chipata kukalisindikiza, ndipo linatuluka lachikuto chakuda, dzina lawo lili m'zilembo zagolide. Pobwerera m'basi anagona atalikumbatira. Anapita ku Lusaka kukayankha mafunso a aphunzitsi awo, n'kupambana. Koma mkanjo wa omaliza maphunziro sanauvale. Tinawaika m'manda kukutentha, mvula yoyamba isanagwe.

Ndinali nditakula kale pamene amalume anandiuza kuti amayi anabwera ku Chipangali akudziwa. Matenda omwe ankalembawo anapezeka nawo kafukufuku ali pakati, atafalikira kale. Amalume anawachonderera kuti asiye. Iwo anakana, amvekere azimayi aja anawauza zinsinsi zawo, ndiye sangazisiye m'katoni.

Mpaka lero sindinagamule ngati anasankha bwino. Masiku ena ndimawanyadira, masiku ena mkwiyo wa mwana uja umabweranso. Koma madzulo aja ondiluka tsitsi ndinali wosangalala, ndikuyesa kuti ndapambana. Masiku amene ankanena ndinkayesa ndi a kusukulu kwawo. Lamlungu lililonse ndinkagwada m'tchalitchi kupempha Mulungu kuti bukulo lithe msanga, amayi akhale anga ndekha. Sindinkadziwa kuti masiku amene ndinkawathamangitsawo ndi okhawo amene tinali nawo.