Mayi Guilhermina ndi Ziphaniphani za Pulofesolo

Mayi Guilhermina sankakhulupirira munthu. Sikuti anali oipa mtima, ayi. Kungoti ukawapatsa mchere ankayamba aulawa asanathokoze. Amuna awo anamwalira nkhondo isanafike, nawasiyira munda wa chimanga ndi nyumba ya zipinda ziwiri m'mudzi wina kufupi ndi Nsadzo. Ana awo aakazi atakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Zambia, chipinda chimodzi chinatsala chopanda munthu. Ansembe atasiya kubwera, mayiwa ndiwo ankasesa tchalitchi ndi kutsogolera kolona, koma ngakhale popemphera ankatsinzina diso limodzi lokha.

M'chipinda chopanda munthucho ndi mmene boma linaikamo mphunzitsi watsopano. Dzina lake linali Horácio, mwamuna wowonda wochokera ku chilumba cha Ibo, kutali kunyanja ya mchere. Chinyanja ankalankhula chothyokathyoka, ndipo anthu ankangomuitana kuti pulofesolo. Mayi Guilhermina sanamufune, koma masiku amenewo kukana za boma kunali kudziitanira mafunso. Anamulandira, nayamba kumuyang'anitsitsa. Mlendoyo sankamwa kachasu, sankayendera akazi a eni, madzi ankatunga yekha. Zimenezi m'malo mowatonthoza mtima zinkawasowetsa tulo. Ankadzifunsa kuti munthu wotere choipa chake wachibisa kuti.

Nkhondo itafika kuderalo, anthu ankaphika dzuwa likanalipo, moto n'kuzimitsa. Kuyatsa nyali kapena tochi panja kukada unali mlandu waukulu, chifukwa kunkamveka kuti Matsanga, zigawenga zolimbana ndi boma, ali ndi anthu awo m'midzi amene amawaitana ndi kuwala. Tsiku lina m'dzinja, chisisira chitangoyamba, anthu amfuti anatulukira. Anatentha sikola yophunziriramo ana, anatenga mbuzi ndi anyamata angapo. Anafunsa kumene kumagona mphunzitsi, pakuti aphunzitsi ndi anamwino ndiwo ankasakidwa poyamba. Mayi Guilhermina anali atagona chafufumimba m'chimanga, akumva chitseko chawo chikuthyoledwa. Anthuwo sanamupeze Horácio. Iye anatulukira m'mawa, thalauza litanyowa mpaka m'mawondo, alibe ndi bala lomwe.

Manong'onong'o anayamba tsiku lomwelo. Albina, mkazi wa nyumba yoyandikana nayo, ananena kuti madzulo aja anaona kuwala kobiriwira kudambo, kukuthwanima, kukuyenda pamsinkhu wa chifuwa cha munthu. Mawuwo anafika kwa Cipriano, mkulu wa amilisiya, alonda amfuti a boma m'mudzimo, ndipo anabwera ndi mfuti yake pakhonde pa mayi Guilhermina.

"Mayi, mlendo wanuyu amapita kuti dzuwa likamalowa?"

"Ndi mlendo wa boma, a Cipriano. Munabwera naye ndinu."

"Koma amagona kwanu. Mawa masana galimoto ya asilikali ibwera kuchokera ku Chifunde. Ndimupereka. Akafunsa amene ankamusunga, nditchula inu."

Aliyense ankadziwa kuti wokwera galimoto imeneyo ndi dzina la ukazitape sabwerako.

Madzulo ake Horácio atatuluka, mayiwo anatenga chikwanje namutsatira chapatali. Anamupeza kudambo, ataima m'matope, akukupiza chipewa pamwamba pa udzu ngati wamisala. Akakupiza ankatola kanthu m'chipewamo n'kuika m'botolo, botololo n'kulibwezera m'thumba la malaya. Thumbalo linkayaka ndi kuzima, pachifuwa penipeni.

"Pulofesolo, mukuitana ndani?"

Munthuyo anadzidzimuka mpaka chipewa chinagwera m'madzi.

"Amayi! Palibe munthu. Ziphaniphani basi."

"Ziphaniphani ndaziona chibadwire. Koma mwamuna wandevu zake akuzithamangitsa nkhondo ili mkati, ndayamba kuona lero."

Horácio anafotokoza ndi Chinyanja chake chopunduka. Anati kwawo kuchilumba ziliko, koma zimene ankagwira ali mwana zinali zazing'ono, moto wake wachikasu. Za kuno anaziona zokulirapo, moto wake wobiriwira, ndipo chifikire ankafuna kudziwa ngati ndi mtundu umodzi kapena ndi pachibale chabe. Anatulutsa chimodzi nachigadabuza pachikhatho. Anawaonetsa mutu wobisika pansi pa kachikopa konga chipewa, maso aakulu, mapiko ofewa, ndi kumapeto kwa mimba kumene kumachokera kuwala. Anawauza akhudze. Sichinkatentha. Anati zonsezi ndi abale a zikumbu, ndipo yaimuna imauluka ikuthwanima, yaikazi n'kumayankha ili pa udzu. Tsiku la Matsanga lija, anati, mfuti zinalira iye ali komweku, ndipo anagona m'bango mpaka kunacha.

"Ndiye kuti zimaitanizana," anatero mayi Guilhermina.

"Inde, amayi."

"Ndi kuwala."

"Inde."

"Ndi zomwezo akukunenerani kumudzi. Bweretsani botololo."

Analikulunga m'chitenje kuti lisaoneke. Horácio anawapempha aikemo udzu wonyowa kuti tizilomboto tisafe. Anaikamo, ndipo botololo linagona kumutu kwawo, chitseko cha pakati atachitchinga ndi mtondo.

M'mawa anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi phulusa la sikola. Horácio anamukhazika pansi, msilikali wa milisiya ataima kumbuyo kwake. Mayi Guilhermina anamasula chitenje naika botolo patsogolo pa Cipriano.

"Tochi ya pulofesolo ndi imeneyi. Ndamugwira nayo ndekha."

Cipriano ananyamula botolo naliyang'ana padzuwa. Munali tizilombo totuwa, tosaposa nyemba, tikukwawa mwaulesi pa udzu. Anthu anayandikira, kenako anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. M'mudzi monsemo munalibe amene anayang'anapo chiphaniphani masana. Ankadziwa moto wake, mwini moto sankamudziwa.

"Izi ndi zikumbu za kudzala," anatero Albina. "Chiphaniphani ndi moto. Moto wake uli kuti?"

"Mayi, wakupusitsani," anatero Cipriano. "Tochi wabisa, inu wakupatsani zikumbu. Kapena mwapangana?"

"Dikirani kude, muone."

"Galimoto siidikira mdima."

Horácio anayamba kulongosola za mapiko ndi mimba, koma mantha anamuthawitsira Chinyanja chonse, nayamba kuyankhula Chipwitikizi chothamanga. Zimenezi zinangoipitsa zinthu. Wina kumbuyo anafuula kuti amumange.

Mayi Guilhermina sanatsutsane ndi munthu. Anapita kwawo nabwera ndi mtsuko wopanda madzi. Anatsitsiramo botolo lija, navula chitenje chapamwamba.

"A Cipriano, gwadani. Nkhope pakamwa pa mtsuko."

"Ine ndigwade? Mukundiyesa wodwala?"

"Amayi anu ankakufukizani chomwechi muli ndi malungo, ndipo ndine ndinkakugwirani miyendo. Mfutiyo gwirani, siindikhudza. Ine ndikufuna maso anu."

Anthu anaseka, ndipo Cipriano anaona kuti kukana kuoneka ngati mantha. Anagwada, dzanja limodzi pamfuti, ndipo mayiwo anamufunditsa chitenje pamodzi ndi mtsuko monga amachitira pofukiza wodwala.

"Mdima wokhawokha," anatero mawu a m'mtsuko.

Mayi Guilhermina anayang'ana Horácio. Maganizo anawafikira akuti mwina Albina akunena zoona, mwina usiku munthuyu anasintha botolo iwo ali m'tulo.

"Gwedezani pang'ono, amayi," ananong'ona Horácio.

Anagwira mtsuko naugwedeza, kenako naumenya ndi chibakera m'mbali.

"Kayaka," anatero Cipriano. "Kena kayakanso. Iii, konsekonse!"

Anatuluka m'chitenje akuphethira. Albina anaumirira kuti naye aone, ndipo atadzuka anati kuwala kumene anaona iye kudambo kunali kokulirapo. Cipriano anatulutsa botolo naliphwanya pamwala.

"Kamarada pulofesolo, ndikadzakuonaninso kudambo, sindidzafunsa. Mwamva?"

Galimoto inabwera masana, inatsitsa matumba a amilisiya, inabwerera. Cipriano sanatchule dzina la munthu.

Horácio atafika kunyumba anapeza mphasa yake, mabuku ake ndi kapoto kake zili pakhonde, zitamangidwa bwinobwino ndi luzi. Mayi Guilhermina anali kukonola chimanga, osatukula mutu.

"Amayi, mwandipulumutsa lero. Ndiye mukundithamangitsa?"

"Sindinakupulumutseni. Ndanena zimene ndinaona."

"Ndiye mukudziwa kuti ndilibe mlandu."

"Ndikudziwa kuti m'botolo munali ziphaniphani. Amene ankaziona ali kutsidya kwa dambo sindimudziwa, ndipo kaya inu mumamudziwa, sindingadziwe. Kuseri kwa tchalitchi kuli kachipinda kosungira zinthu. Ndasesamo."

Anasenza katundu wake napita. Anaphunzitsa ana pansi pa mango mpaka mvula inatha, ndipo nkhondo itakula anawoloka malire ku Cassacatiza pamodzi ndi anthu ena othawa. Masiku onse amene anakhala m'kachipindako, mayi Guilhermina ankamupititsira chakudya okha, n'kuchisiya pakhomo. M'nyumba mwawo sanamulolenso kulowa.