Ndinanena ndekha kuti ndine wotentha

"Mukudikira kuti chotupacho chiyambe kukupatsani moni ndiye mupite kuchipatala?"

Amene anakuwa choncho ndi akazi anga, mayi a Tadala, m'nyumba yathu ku Umoja mumzinda wa Nairobi, ine ndikulimbana ndi batani la pakhosi lomwe linali litasiya kutseka. Ndinawayankha kuti khosi ndi langa, n'kumenyetsa chitseko. Munali mu Meyi. Chotupacho ndinachiona koyamba mu Januwale ndikumeta ndevu, kanthu kolimba ngati mtedza, kumanja kwa kholingo. Sikankapweteka, ndiye sindinakalabadire. Ndine dalaivala wa bungwe lina la mpingo ku Hurlingham, ndipo kupempha tsiku loti ndikakhale pa mzere wa chipatala ndinkakuona ngati ulesi.

Mu Juni mawu anayamba kusasa. Ndinamwa mandimu ndi jinja milungu itatu, osasintha. Nyama itayamba kundiima pakhosi m'pamene ndinapita, ndipo ndinapita ndili wokwiya. Anandiunika, anandibaya chotupacho ndi singano kutengamo zoti akayeze, n'kundiuza kuti ndibwere pakatha milungu iwiri. Tsikulo ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Dokotala anali mayi wosazungulira, ngati ine ndemwe. Anati ndi khansa ya chithokomiro, ndipo imachiritsika, koma yafika kale ku anabere a m'khosi. Anandifunsa kuti ndinachiona liti. Nditanena kuti Januwale, anangolemba, osandiyang'ana.

Opaleshoni inachitika mu Ogasiti. Anachotsa chithokomiro chonse ndi anabere angapo. Ndinadzuka ndi kapaipi pakhosi ndi mawu ngati a munthu wolankhula kudzera m'chitini. Mawuwo sanabwerere mpaka lero.

Chifukwa chochedwa changa chija, mpeni pawokha sunakwane. Anati mu Okutobala ndimwe kapisozi wa ayodini wokhala ndi rediyeshoni, kuti akaotche totsalira. Milungu iwiri ndisanamwe anandiletsa mchere wa m'sitolo, nsomba, mkaka ndi mazira. Mayi a Tadala ankandiphikira ndiwo m'poto wangawanga, zopanda mchere. Nthawi yomweyo mwana wathu Tadala, amene amakhala ku Pangani ndi mwamuna wake Yamikani, anali pafupi kuchira. Mayi ake a Yamikani, asewere athu, anali atabwera kuchokera ku Ntchisi kudzadikirira mwana. Anabwera kudzationa ku Umoja, anaona poto wangayo, anafunsa, anauzidwa kuti ndi za adokotala. Anangoti, "Oo."

Kapisoziyo anabwera m'chitini cholemera cha mtovu. Nesi anandiuza kuti ndisamugwire ndi zala, ndimeze msanga, ndipo nditangomeza anatuluka mwandawala n'kutseka chitseko. Ndinakhala m'chipinda chimenecho masiku atatu ndekha. Foni anaikulunga m'pulasitiki. Chakudya ankachisiya pa kampando pakhomo, m'mbale zotaya, n'kugogoda. Kumwa madzi ambiri, kusamba kawiri, kugejemula chimbudzi katatu. Nseru inandigwira tsiku loyamba, masaya anatupa, ndipo chilichonse m'kamwa chinkamveka ngati ndikunyambita supuni. M'mawa uliwonse kunkabwera bambo wina dzina lake Mutua ndi kamakina kolira kuti tch tch tch. Ankaima pa mzere wojambulidwa pansi, n'kundilozetsa kamakinako, n'kulemba. Pa Chingerezi chawo cha ntchito, munthu amene thupi lake likutulutsabe rediyeshoni amati ndi wotentha. Tsiku lachiwiri anati, "Pole mzee," kutanthauza pepani achikulire, "mudakali wotentha."

Tsiku lomwelo Tadala anachira mwana wamkazi. Ndinaimba foni, anayankha ndi asewere. Ndinangomasulira mawu a Mutua mmene anabwerera. Ndinati sindibwera kudzaona mwana chifukwa ndidakali wotentha, ndipo ndikatuluka ine ndi mayi tizigona kosiyana. Asewere anati, "Chabwino bambo, mwachita bwino kunena nokha."

Ine zaka khumi ndi ziwiri ndili ku Nairobi, mutu wanga unali pa nseru. Sindinaganize n'komwe kuti kwa mayi wa ku Ntchisi, mwamuna wotentha, amene mkazi wake wasiya kumuthirira mchere ndipo akugona naye kosiyana, ndi mwamuna amene wayenda kunja kwa banja, ndipo akagwira khanda alidula.

Potuluka anandipatsa malamulo. Sabata imodzi chipinda changachanga, mbale zanga, zovala kuchapa padera. Milungu itatu osayandikira ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Mutua anandifotokozera kuti mphamvu ya mankhwalawa imatsika ndi theka masiku asanu ndi atatu alionse, ndipo yambiri imatuluka ndi mkodzo. Ndinasunga zonse, ndinawonjezeranso sabata yanga. Kenako ndinagula kabulangete n'kupita ku Pangani. Yamikani anandilandira pa masitepe n'kunena kuti mwana wagona. Sabata yotsatira, mwana ali ndi chimfine. Pa Khirisimasi anandilowetsa, koma anandikhazika pampando wa pakhomo, khanda lili kuchipinda. Kutchalitchi, kumene Amalawi timakumana, amayi anayamba kuwapatsa moni akazi anga ndi nkhope za pamaliro, ine kundipatsa wa patali.

Yamikani amagwira ntchito ku bungwe loona za chilengedwe. Chiyambireni nkhani yoti dziko lino likufuna kumanga fakitale ya magetsi a nyukiliya kunyanja yamchere, iye ndi mmodzi mwa otsutsa. Tinkakangana kale pa nkhaniyi ndisanadwale. Ine ndinakulira mumdima, ndipo ndinkati munthu amene sanawerengepo pa koloboyi asandiuze kuti magetsi akwana. Iye ankati ngozi imodzi yokha, asodzi onse a kumeneko atha. Mwina akunena zoona, ine sukulu ndinalekezera Fomu 4. Koma kukangana za fakitale ndi kwina, kundisandutsa ine fakitaleyo ndi kwinanso.

Lamlungu lapitali, mwana ali ndi miyezi inayi, ndinalephera kupirira. Tinali tonse pabalaza ku Pangani. Ndinafunsa kuti kodi ndinalakwa chiyani. Yamikani anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi za ku Japan, anthu ovala zoyera thupi lonse akuyeza dothi ndi nsomba.

"Ngoziyo inachitika kalekale, koma kumeneko akuyezabe mpaka lero. Inu bambo anakuyezani kangati?"

Ndinamenya tebulo, kapu inagwa n'kusweka. Ndinamutchula mawu amene sindingalembe pano. Asewere anaimirira n'kunena kuti ndisakalipire mwana wawo pamene ndinaulula ndekha pa foni kuti ndinayenda.

"Ndinayenda kuti?"

"Musandinenetse zolaula pamaso pa ana. Munati ndinu wotentha."

Mayi a Tadala anaseka, kuseka kosakoma, mpaka misozi. Anawafotokozera za kapisozi, za mchere, za kamakina. Asewere anamvetsera, anagwira pakamwa, n'kufunsa kuti nanga bwanji sindinangonena kuti ndi mankhwala. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu anamva pa mphindi zisanu. Yamikani, wamadigiri awiri, anati iye akufunabe kusamala. Tadala anangoyang'ana pansi, ndipo chimenecho n'chimene chinandipweteka kuposa zonse. Miyezi inayi aliyense ali ndi chifukwa chake chondithawira, ndipo palibe mmodzi amene anandifunsa. Inenso sindinafunse, ndinkangofufuma.

Za thanzi langa, ndili bwino. Sikani yomaliza sinaonetse chotsalira. Ndimamwa piritsi limodzi m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu, ndipo ndidzamwa moyo wanga wonse. Magazi amandiyeza miyezi ingapo iliyonse. Ndinabwerera pa chiwongolero. Ndimatopa msanga, m'kamwa mumauma, ndipo kwaya ya abambo ndinasiya. Amene muli ndi kotupa pakhosi kosapweteka, pitani sabata ino. Kusapwetekako n'kumene kunandipusitsa. Dokotala sananene kuti ndikanapita mu Januwale zonsezi sizikanachitika, koma ndinaona mmene analembera. Ndipo akakuuzani mawu a kuchipatala, funsani tanthauzo lake musanawatengere kunyumba.

Lolemba m'mawa ndinamwa piritsi langa, ndinaimbira abwana kuti ndichedwa, n'kukaima pageti ku Pangani. Yamikani atatuluka ndi chikwama chake cha ku ofesi, ndinamuuza kuti lero ayambira kuchipatala. Sanatsutse. Tinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, tinakhala pa benchi maola awiri. Mutua atatuluka ndinamupempha kuti andiyeze pamaso pa mkamwini wanga. Anandilozetsa kamakina kake pakhosi, kenako analozetsa Yamikani, kenako khoma. Kanalira chimodzimodzi, apo ndi apo.

"Mzee, inu, mwana wanuyu ndi khomali, palibe kusiyana," anatero.

Yamikani anafunsa mafunso ena anayi, Mutua anayankha onse. Mawu oti pepani sindinawamve kwa iye, ndipo sindinawadikire. Tinabwerera ku Pangani, ndinasamba m'manja, Tadala anandipatsa mwana. Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinamutchula dzina lake, Takondwa, ndi mawu anga a m'chitiniwa. Anandiyang'ana ngati mlendo, n'kulira mpaka amake anamutenga. Ndinawauza kuti ndibweranso Lachitatu ndi Loweruka mpaka andizolowere, ndipo sindinanene ngati pempho.