Nambala ya Abwana

A Mawaya anakalambira pansi pa matebulo a kampani yogulitsa matayala, atagwada. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Ntchito yawo yaikulu inali yopatsa kompyuta iliyonse nambala yake kuti makina azidziwana pa netiweki. Ankagawa okha, motsata ulemu: abwana yoyamba, akauntanti yachiwiri, mpaka kukafika kwa mlembi. Wowayankha mwamwano ankagonera kudikira intaneti.

Kenako kampani inagula kabokosi kothwanima timagetsi tobiriwira. Kompyuta kapena foni ikangoyaka, kabokosiko kankaipatsa kokha nambala ndi zonse zofunika. Madzulo magetsi akazimitsidwa kankaiwala, m'mawa n'kuyambiranso kugawa. Woyamba kufika ndiye ankalandira yoyamba.

"Nanga inu tizikulipirirani chiyani?" abwana anawafunsa. "Mwezi ukatha tikambirane."

A Mawaya anayamba kuonda. Kunyumba mayi a ana anawalangiza kuti aphunziriretu kupopa matayala.

Tsiku lina pulinta itakana, abwana anawaitana. A Mawaya anatsegula tsamba la manambala, abwana n'kusuzumira.

"Sate-seveni iyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, bwana."

"Yanga? Nanga yoyamba ili ndi ndani?"

"Foni ya amayi osesa aja. Amalawira."

Abwana anavula magalasi. Kukhonde amayiwo ankakolopa akuimba, osadziwa kuti akhalira mpando wa eni ake.

"Kabokosi aka sikadziwa wamkulu?"

"Kakadali kamwana, bwana," a Mawaya anayankha chamunsi. "Kamafunika wokayang'anira."

Zokambirana za kumapeto kwa mwezi zija zinathera pomwepo. Mpaka lero a Mawaya amafika kusanache, amayatsa kabokosi, kenako amathamanga chipinda ndi chipinda kuyatsa makompyuta motsata maudindo, thukuta kamukamu. Amayi osesa amadikira pakhomo foni itazima.

"Mwatha, achimwene? Ndowa ikulemera iyi!"

"Dikirani, chemwali, ya akauntanti ikadaganiza!"

M'kabokosimo muli malo okauzira kuti nambala yakuti izisungidwira kompyuta yakuti masiku onse. Ndi ntchito yotheka tiyi asanazizire. A Mawaya malowo amawadziwa bwino lomwe, ndipo akamadutsa pa tsamba limenelo abwana ali kumbuyo kwawo, amatsokomola n'kufunsa za mitengo ya matayala.