Kuyesa Boti Pamtunda

Anthu amati ndimakokomeza nkhani, koma izi ndikulumbira: achimwene anga anafuna kugula boti akukhala ku Manje, paphiri pamene ngakhale mbuzi imayamba yakhala pansi isanafike pakhomo.

Palibe anaseka, chifukwa tonse tinkadziwa gwero lake. Chaka cha namondwe uja, phiri litatsika ndi matope, theka la nyumba yawo linapita. M'theka limenelo munagona mwana wawo wamkazi, wa sitandade wani. Achimwene anakumba ndi manja mpaka zikhadabo zinasosoka, koma sanamupeze. Anamanganso pomwepo, ati sangamusiye yekha. Kenaka inabwera nkhani ya boti: likhale kuseri kwa nyumba, madzi akadzabweranso onse adzakwere.

Alamu anga, akazi awo, anali atapeza nyumba ya lendi ku Machinjiri, pamalo athyathyathya. Anandiitana kukhitchini, khanda lili kumsana.

"Alamu, mvula isanagwe ine ndi khandali tikutsika. Akabweretsa chibwatocho pano, ndiye kuti asankha. Inu pitani nawo. Boti lililonse mulipezere vuto."

Ntchito ndinaivomera. Kupeza vuto pa zinthu za eni ndi mphatso yanga kuyambira ndili mwana.

Mungaganize kuti m'Blantyre mulibe maboti. Alimo, abale, angobisala ngati afiti. Loyamba tinalipeza ku Ndirande, lowotcherera ndi migolo. Nditaligogoda ndi mwala, dzimbiri linagwa lodzaza ndowa, boti n'kupepuka mpaka kamphepo kanalisuntha. Ndife pano ngati ndikunama. Lachiwiri linali ku Bangwe, la matabwa. Loterolo umalibaya ndi msomali kuti umve ngati thabwa lavunda. Msomali unalowa, chala chinalowa, ndipo ndikanapanda kugwira mtengo wa mango ndikanalowa ndense. Chiswe chinatuluka pamzere kudzaona amene akugula nyumba yake.

Lachitatu ndi limene linandivuta. Linali ku Naperi, kwa bambo ena a ku mpoto opuma ntchito ya m'boma. Anabwera nalo pa lole kalekale atawasamutsa pantchito, poganiza kuti adzabwerera nalo kwawo. Sanabwerere. Linali la faiba, pulasitiki yolimba ija, litakhala pa matayala akale kumtunda kwa bwalo, nkhuku zikugonamo, adzukulu akuseweramo. Ndinagogoda kutsogolo, kumbuyo, m'nthiti. Linkangolira bwino ngati ng'oma ya tchalitchi.

"Lawonongeka ndi dzuwa ili," ndinatero.

"Liyeseni, adada," anatero mwini wake.

Kuno kulibe nyanja yoti n'kuyeserapo, ndiye timachita zathu: umatseka kabowo ka pansi, n'kuthira madzi m'kati, wina n'kugona chagada kunsi kuona ngati likudontha. Madala aja anatipatsa payipi uku akupukusa mutu.

"Kwathu timaika boti m'madzi. Inu a kuno mukuika madzi m'boti. Ndinaziona ine."

Mpopi tsiku limenelo unatuluka madzi, chinthu chomwe anthu a ku Naperi akuchikambabe mpaka lero. Ine ndinalowa kunsi, nkhuku ina ikundiyang'ana ngati ndailanda malo. Ndinapemphera dontho limodzi lokha. Gwa, kouma. Ndinanyowetsa chala m'kamwa n'kupaka pamsoko.

"Achimwene, likudontha!"

Anawerama, n'kuyang'ana. "Amenewo ndi malovu ako. Tuluka."

Nditatuluka ndinapeza madzi afika m'milomo mwa boti, koma sanali oyera. Fumbi la zaka zonsezo, zitosi ndi masamba ovunda zinawasandutsa phala la katondo. Achimwene ankamwetulira, koyamba chichitikireni zija. Ndinaona kale alamu akukweza katundu pa lole okha.

"Ndikugula," anatero achimwene. "Titulutse madziwa."

Anapinda malaya n'kupisa mkono kufuna chotsekera chija. Sanachipeze msanga. Mkono unalowa mpaka m'phewa, tsaya litagunda m'mphepete, dzanja likufufuza m'matope osaoneka pansi. Msana umenewo ndinali nditauonapo utawerama chimodzimodzi m'matope a ku Manje.

Chotsekera chitazuka, madzi anatuluka mwaukali n'kutsetsereka ndi bwalo kulowera kugeti, akukokolola timiyala, zitsononkho, nthenga. Phokoso lake linali laling'ono, koma linali lomwe lija. Ndipo pamwamba pake pankagubuduka kapatapata ka mwana, kofiira, komwe kanali kunsi kwa tayala.

Achimwene anathamanga. Munthu wodandaula maondo, koma apa sindikuwonjeza kanthu: sindinaone mapazi awo akuponda pansi. Anakagwira pageti penipeni, atagwada m'matope, n'kukafumbata pachifuwa.

"Ndi ka mdzukulu wanga ako," madala aja anatero. "Tinakafuna chaka chatha mpaka kutopa."

Ndinawagwira mkono kuti akhale chete. Iwo nkhani ya ku Manje sankaidziwa, koma anayang'ana achimwene, n'kuvula chipewa.

Madzi atatha, achimwene anakhalabe chogwada, akuyang'ana timiyala tomwe tinaunjikana pageti. Kenaka anatembenukira boti lija.

"Mwana wanga anali m'tulo," anatero, osayang'ana aliyense. "Akanakwera nthawi yanji?"



Anapita pampopi n'kutsuka kapatapata kaja bwinobwino, mpaka m'timizere ta kunsi, n'kukaika padzuwa pakhonde la eni ake.

"Boti lanu ndi labwino, bambo. Mugulitse kwa munthu wa kunyanja."

Achimwene ndi alamu anasamuka mitambo itangoyamba kuda. Ku Machinjiri bedi lawo analiika pafupi ndi chitseko, ndipo mvula ikayamba achimwene amakhala tsonga, nsapato zili kumapazi, mpaka ikate. Loweruka amakwerabe ku Manje kukalambula pomwe panali nyumba.

Tsiku losamuka alamu anandisungira chiwindi cha nkhuku.

"Mwagwira ntchito, alamu. Ndiye lomalizalo munalipezera vuto lanji?"

"Limadontha," ndinatero.

Achimwene anali pomwepo, akumanga matiresi ndi chingwe. Sananditsutse.