Mundisiye Ndigwe, Bambo

Blažena Kolkusová anasiya kuona ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Madokotala a mumzinda wa Poprad anayesetsa, zinakanika. Mtsikana amene ankasiya anyamata m'mbuyo potsetsereka pa chipale chofewa anayamba kupapasa makoma a kwawo komwe. Matabwa ake otsetserekera anawakankhira pansi pa bedi. Anadzitsekera.

Bambo ake, a Vendelín, anali oyendetsa basi. Tsiku lina anangolowa n'kumuponyera jekete.

"Dzuka iwe. Bedi latopa nawe."

"Ndipite kuti, bambo? Ndikagunde mitengo?"

"Ukagunda ine. Ndikhala kutsogolo."

Osaona amapikisana choncho. Wotsogolera amatsetsereka patsogolo, akulankhula pa kawailesi ka m'chipewa: kumanja, kumanzere, pinda mawondo. Wam'mbuyo amatsata mawu, akukhota pa mbendera zozikidwa m'njira osaphonya ndi imodzi yomwe. Koma pali lamulo. Mpikisano uli mkati, wotsogolera asamugwire mnzakeyo. Akangogwira, onse atuluka.

M'mawa kuyendetsa basi, masana kuphiri. Zaka zinapita choncho. Blažena anatupa mawondo, anang'ambika mlomo, koma liwiro linabwerera.

Unafika mpikisano wosankha timu ya dziko. Pokhota pena Blažena anadzandira. A Vendelín anacheuka, mtima unawatsogolera, anamugwira mkono. Anamaliza bwino ndithu. Oweruza anawachotsa.

Analowa m'galimoto. Kenako Blažena anayankhula.

"Mukanandisiya ndigwe."

"Ukanathyoka khosi, mwanangu."

"Khosilo ndi langa."

"Ndine bambo ako."

"Kunyumba, inde. Paphiri ndinu mawu basi. Ngati simungathe, ndipeza wina."

Unatsala mpikisano umodzi chaka chimenecho. Akaulephera, malo akapita kwa wina.

A Vendelín ankawadziwa manja awo, kuti samva kuuzidwa. Anagula tepi. Anamata magolovesi awo ku ndodo zotsetserekera, zolimba, moti akalowetsa manja sakanatha kugwira china. Anzawo a kumabasi anawaseka: "Vendo, nanga mphuno ikayabwa?" Iwo ankangoti, "Iyabwe."

Tsiku linakwana. Chapakati pa phiri panali powuma ngati galasi. Blažena anaterereka, anagwa cham'mbali. A Vendelín anaima. Manja anakhalabe pa ndodo zija.

"Ndili pompano. Mbendera sunaiphonye. Dzuka. Kumanzere."

Anadzuka yekha. Anamaliza wachitatu, ndipo zinakwanira. Timu inamutenga.

Pambuyo pake anapikisana ku Italy, ku Austria, ku Norway. Kwina ankapambana, kwina ankabwerera chimanjamanja. Mawondo a bambo ake atatopa, anatenga wotsogolera wachinyamata. A Vendelín anasamukira pansi pa phiri, pomalizira, atanyamula tiyi wotentha. Pamenepo lamulo siliwaletsa kukumbatira.

Lero Blažena amaphunzitsa ana osaona kutsetsereka. Makolo awo amawaimika kuseri kwa mpanda. Akamufunsa amene amamuthokoza koposa, sachedwa kuyankha.

"Bambo anga. Anandiona ndili pansi, akutha kundidzutsa, koma anandilankhula basi. Mphatso yoposa imeneyo sindinalandirepo."

Inu amene mwagwa, amene akukuyang'anani osakudzutsani mwina sakukudani. Mverani mawu awo. Ndipo inu amene mumakonda munthu wolumala, chikondi china ndi kubweza dzanja. Musafooke, musataye mtima: pamene mwagwerapo ndi pomwe mudzukire.