Masiku Anayi Pasipoti ya Bambo Ili M'nkhokwe

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ndinabisa pasipoti ya bambo anga m'nkhokwe ya mtedza, ndipo inakhala m'menemo masiku anayi. Sindinkafuna kuti apite kwawo.

Bambo ndi Mpwitikizi. Anachoka kwawo ali mnyamata, nakhala ku Tete, kenako anafika ku Namitete kumene ankakonza zigayo ndi mathirakitala. Anakwatira mayi n'kumanga nyumba m'mudzi mwa mayiwo ngati mkamwini wina aliyense. Kumudzi kwawo, kumapiri a kumpoto kwa Portugal, anali asanapondeko chibadwire ine, komabe ankadziwa amene wamwalira, amene wakwatiwa ndi amene wagulitsa ng'ombe. Miyezi iwiri iliyonse kunkabwera kalata ya msuweni wawo, pamodzi ndi kapepala ka nkhani za kutchalitchi. Ankatiwerengera maina a anthu amene sitinawaonepo, n'kumadikira kuti tidandaule nawo. Ife tinkangoyang'anana.

Chaka chimenecho kalata inafika mu Juni. Bambo anaiwerenga kawiri osatiuza kanthu. Loweruka lake anazula chitseko chakale cha kugalaja, nachimangirira pa mitengo iwiri ya bulugamu, pamwamba n'kuikapo matumba awiri a chimanga. Anaitana amuna atatu amene ankagwira nawo ntchito. Onse anayi anasenza chitsekocho pamapewa n'kuyamba kuzungulira bwalo pang'onopang'ono: mwendo umodzi, kuima, mwendo wina. Bambo anali kutsogolo, mbali ya kumanzere.

Azimayi ochokera kumjigo anatula zidebe zawo pamsewu. Kwa iwo chimenecho chinali chithatha, chikhalirecho m'mudzi munalibe maliro. Pofika masana malume anga, mkulu wa mpingo, anali atakhala kale pakhonde pathu.

"Alamu, mukuitanira ndani imfa pakhomo pano?" anafunsa malume.

"Si maliro, alamu. Ndikuzoloweretsa phewa."

Bambo anafotokoza kuti mwezi wa Ogasiti anthu a kwawo, ngakhale amene ali kutali, amakumana pa chikondwerero cha mudzi. Amatulutsa chifanizo cha woyera mtima wawo m'tchalitchi n'kuzungulira nacho mudzi wonse atachisenza pa mitengo iwiri. Mtengo wakutsogolo kumanzere unali wa banja lathu kuyambira kwa agogo awo. Zaka zonsezi msuweni uja ndiye ankasenza m'malo mwawo, koma tsopano anali atathyoka m'chiuno. Pakanapanda wa pabanja kupita, malowo akanapatsidwa banja lina mpaka kalekale.

"Ndiye mukwere ndege kukasenza fano?" anatero malume. "Kodi kwanuko amuna anatha?"

"Amuna alipo ambiri. N'chifukwa chake ndiyenera kupita."

Potsanzika, malume anauza mayi motsitsa mawu, koma ine ndinamva: "Mkamwini akayamba kutchulatchula kwawo, uziyang'ana ngati khasu lake likadalipo." Mawuwo ndinawamvetsa bwino. Bambo a mnzanga wina anapita kwawo ku Nsaru kukaona odwala, ndipo sanabwerenso. Nsaru n'pafupi, njinga imafika. Nanga kumene kumafunika ndege?

Pasipoti inkakhala m'kabati, pansi pa Baibulo la mayi. Ndinaikulunga m'pepala la shuga n'kuikwirira mu mtedza. Bambo anagwedeza nyumba yonse. Anakhuthula mabokosi a zitsulo, anafunsa antchito awo mmodzimmodzi, ndipo tsiku lachitatu sanadye. Tsiku lachinayi mayi anandituma kukatapa mtedza wa nsinjiro, ine ndinati m'nkhokwe muli njoka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakwera okha n'kutsika ndi pasipotiyo.

Ndinkayembekezera mkwapulo. Bambo anapukuta pasipotiyo pa malaya, nandikhazika pa benchi ya kugalaja pamene pankanunkha dizilo. Anatulutsa kapepala ka kutchalitchi kakalekale, kachikasu, n'kuloza mzere wina ndi chala chakuda ndi oilo. Panali dzina langa, Marita, pakati pa ana a mudziwo obadwira kunja.

"Ukuganiza kuti amakudziwa bwanji?" anafunsa. "Ndikasiya mtengo uja, chaka chamawa adzafunsa kuti nyumba ya kwathu ija inali ya yani."

"Koma kwathu n'kuno," ndinayankha.

"Eya, n'kuno."

Mutu wanga unaima kuposa poyamba. Kusukulu ndi kunyumba anatiphunzitsa kuti mwana kwawo n'kwa mayi ake. Tsono mudzi umene sunandionepo unkandiwerengera bwanji?

Anapita, ndipo anabwerako patatha milungu itatu, phewa litada ngati biringanya. Anavula malaya pakhonde kuti malume aone. Malume anadina malowo ndi chala, nati, "Chinali cholemera ndithu, eti."

Funso langa lija sindinalipezere yankho lokwanira mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti mudzi suiwala munthu chifukwa cha kutalika kwa mtunda. Umaiwala amene wasiya mbali yake ya katundu kuti asenze ena.

Bambo tsopano akuyendera ndodo, ndipo nkhani za kwawo zimabwera pa foni. Mwezi watha anafunsidwa kuti wa pakhomo pathu adzasenze ndani chaka chino. Mchimwene wanga anakana poti ndi mkulu wa mpingo. Akuti masiku ano akazi amaloledwa, choncho bambo anatchula ine, kenako n'kundiuza. Chipwitikizi ndimadziwa moni yekha. Ndinyamuka sabata yoyamba ya Ogasiti.